Pepala Lagolide la Che Bakali

Anatichotsa ntchito anthu khumi ndi anayi tsiku limodzi, Lachiwiri m'mawa, makina ochapira asanazizire n'komwe. Alendo anali atachepa pa hotelo chithereni mpikisano waukulu wa mpira wa mayiko onse uja kuno kudziko la eni, ndipo eni ake anaganiza zopereka londire yonse kwa kampani ina. Ine Sakina ndinalandira kalata yanga, n'kuipinda, n'kukalirira kuchimbudzi. Koma Che Bakali anatuluka mu ofesi ya manijala akumwetulira, atanyamula pepala lolimba la m'mbali mwagolide.

Che Bakali si m'bale wanga wamagazi, koma tonse kwathu ndi ku Ntaja, ndiye ndimawatchula amalume. Anasita masuti a alendo zaka zisanu ndi zinayi osawotchapo kolala ngakhale imodzi. Akapeza ndalama m'thumba la thalauza, ankasiya simbi n'kupita nayo kwa supavaiza nthawi yomweyo. Anyamata ankawaseka kuti ndi Shehe wa mulondire, iwo osalabadira.

Tili m'basi yobwerera ku Al Muntazah, komwe tinkagona, ndinawafunsa kuti pepala lawolo linali lachiyani. Anandiuza monyadira kuti manijala anati munthu wokhulupirika ngati iwo sayenera kuchotsedwa ngati enawa. Anawauza kuti angolemba okha kuti akurizaina, iye awapatsa satifiketi ya mbiri yabwino. Amalume analemba ndi dzanja lawo, n'kusaina, n'kuthokozanso kawiri konse.

Chifukwa chomwe anachitira zimenezi ndinkachidziwa. Kwathu mukamva kuti wakutiwakuti amuchotsa ntchito, palibe amafunsa zambiri, aliyense amangoti waba. Bambo awo a Che Bakali anali mlonda pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Matumba a feteleza atasowa anawachotsa, ndipo mpaka tsiku la maliro awo anthu ankawatchulabe kuti aja anawachotsa kuesiteti aja. Amalume anakula ndi dzina limenelo, ndipo analumbira kuti ana awo sadzalimva.

Mawa lake Fraser, Mmalawi mnzathu woyendetsa basi ya kampani, anatiuza zopita ku ofesi ya boma yoona za apantchito. Anati wochotsedwa mwadzidzidzi amakalembetsa dandaulo, amamuthandiza kupeza zomuyenera, ndipo amakhala ndi mpata wofuna ntchito kwina. Ataona pepala la amalume anapukusa mutu. Anati wosiya yekha amavuta kumuthandiza, ndipo kampani ikangofafaniza chiphaso chawo, khalasi, zathera pomwepo, akwera ndege manja lende. Tonse tinkadziwa kuti Raihana, mwana wawo, watsala ndi chaka chimodzi kusukulu ya unamwino, ndipo amadalira simbi yomweyo.

Amalume anayankha kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinati manyazi anapha lambe. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala, koma anavomera kundiperekeza. Anati akungondiperekeza ineyo basi, poti mwana wamkazi sayenda yekha m'maofesi.

Tinafika cha m'ma eyiti, dzuwa litayamba kale kuluma. Mkati munali mozizira mpaka kuwawa m'mafupa, mipando itadzaza anthu a ku Nepal, a ku Kenya, a ku Uganda, aliyense atagwira kanambala kake. Amalume anali atavala shati yoyera yosita bwino kuposa ya aliyense mmenemo. Satifiketi ija anali ataiika m'pulasitiki, ataigoneka pamaondo.

Nambala yanga itaitanidwa, mayi wa pawindo, wachitsikana ndithu, anaona kalata yanga n'kundipatsa fomu. Zinatha msanga. Ndisanachoke ndinamuuza kuti bambo ali apowa tinachotsedwa nawo limodzi, ndipo anawakodola. Anawerenga pepala lagolide lija, n'kuyang'ana pa kompyuta, n'kunena mwaulemu kuti pamenepo palembedwa kuti anasiya okha. Anati ngati anachita kuwauza zolemba, anene choncho pa fomu, alembe kuti anachotsedwa, mboni isaine, nkhaniyo ikaunikidwe. Sanalonjeze kanthu, koma khomo analitsegula.

Amalume anaweramitsa mutu, dzanja pachifuwa, n'kumuuza kuti ayi madamu, iwo anasiya okha. Mayiyo anafunsanso kachiwiri, pang'onopang'ono, poganiza kuti Chingerezi chawasokoneza. Anayankha chimodzimodzi, n'kutenga pepala lawo, n'kukakhala pampando wakumbuyo.

Abale inu, mtima wanga unawira. Ndinawatsatira n'kuwauza za Raihana, za chipinda cha kampani chomwe tinauzidwa kutulukamo pakutha pa mwezi, za manijala amene anawapusitsa masanasana ndi kapepala konyezimira. Iwo ankangosisita pulasitiki ija ndi chala. Anati riziki amapereka ndi Mulungu, koma dzina likada silichapika, ndipo iwo sangalembe ndi dzanja lawo mawu amene anapha bambo awo. Anati ndine mwana, sindingamvetse.

Apo ndiye ulemu unandithera. Ndinatulutsa kalata yanga yopindapinda ija n'kuiika pamwamba pa pepala lawolo.

"Amalume, ine andichotsa. Yalembedwa apa. Ndiye mukundiuza kuti ndine wakuba?"

Sindinawadikire kuti ayankhe.

"Mnzathu Tione, wamimba uja, amuchotsanso. Tusajigwe amuchotsa. Tonse khumi ndi atatu ndife mbava, woyera ndinu nokha? Mukafika ku Ntaja ndi pepala lanuli, mayi anga akakufunsani za ine, mukawauza chiyani?"

Ndinalira, ndipo sindikubisa, ndinalira ndi mkwiyo. Mnyamata wa ku Nepal amene anakhala pafupi anasuntha n'kutisiyira malo. Amalume anatenga kalata yanga ija. Anaiwongola ndi chikhato mbali zonse, mmene ankawongolera kolala asanaikepo simbi. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati nambala imatengedwanso kachiwiri.

Tinadikira maola ena awiri. Nthawi ya swala itakwana anapita kukaswali, ndipo ndinkaopa kuti sabweranso, koma anabwera. Pawindo paja anatulutsa satifiketi m'pulasitiki n'kuipereka. Anafotokoza zonse, mmene manijala anawaitanira payekha, mawu amene anawauza kuti alembe, tiyi amene anawapatsa. Pofika pa mzere wofunsa chifukwa chochokera ntchito, cholembera chinaima m'mwamba. Kenako analemba kuti anachotsedwa, ine n'kusaina pansi pake ngati mboni, ndipo mayi uja anati tidikire uthenga pa foni.

Kunja kunali kotentha ngati mu uvuni. Tinaima pamthunzi wa siteji ya basi, ndipo anandipatsa foni yawo kuti ndiwapezere nambala ya akazi awo, a Mwanjuma, poti maso sankaona bwino. Chitichotsereni ntchito anali akuwauza kuti ali pa holide. Ndinafuna kupita patali kuti alankhule momasuka, koma anandigwira mkono kuti ndikhale pomwepo. Foni inalira kanayi.

"Amake Raihana," anatero. "Andichotsa ntchito. Tonse a kulondire atichotsa. Koma ine sindinabe kanthu."

Kumbali inayo ndinkamva nkhuku zikulira ku Ntaja. Kenako mawu a mayiwo anamveka bwinobwino mpaka pamene ndinaima.

"Wanena kuti mwaba ndani? Zaka makumi atatu ndili nanu, ndichite kumva kwa inu zimenezo? Mwadya koma?"

Amalume anakhala pansi pa benchi yotentha ija, n'kuphimba nkhope ndi kofia yawo. Ndinatola foni n'kuwauza a Mwanjuma kuti sanadye, koma tikupita kukadya tsopano.