Kuseri kwa Chitseko Chachitsulo

Amuna anga, a Yagya Prasad, anamwalira Lachitatu, kutatsala masiku khumi kuti chitseko chitseguke. Munthu ameneyu anachedwa ngakhale pa ukwati wathu womwe, koma pa imfa pokha m'pamene anasankha kufulumira.

Chitseko ndikunenachi n'cha m'sewero la pa kanema lotchedwa Mzinda Wapansi, limene ndaonera Loweruka lililonse 5 koloko madzulo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu ake amakhala pansi pa nthaka kudziko lina kuseri kwa nyenyezi, ndipo pakati pa mzinda wawo pali chitseko chachitsulo chimene palibe anachitsegulapo. Ine ndinkati kuseri kwake kuli chombo chowabwezera kwawo. Amuna anga, amene mtima wawo unali pa mafilimu oseketsa, aja a anthu ogwera m'migolo ndi kupirikitsidwa ndi njati, ankangoseka.

"Mulibe kanthu mmenemo, mayi a Prabin. Akukupusitsani. Zikavuta mudzapezeka tsache."

Ankanyoza choncho, koma 5 koloko ikakwana anali oyamba kukhala pampando, tiyi ali m'manja. Kuchipatala kuno ku Dharan, mapaipi ali m'mphuno, anandikoka chala nati, "Chitseko chija musakachitsegule nokha."

Mtembo utawotchedwa monga timachitira kwathu kuno, mwambo wonse ndinautsata. Anandiswera zibangili, anandichotsa ufa wofiira wa pamutu umene akazi okwatiwa amadzola, anandiveka zoyera. Ndinkadya kamodzi pa tsiku, mpunga wopanda mchere. Mwana wathu Prabin anameta mpala n'kukhala pa mapesi pakona ya chipinda chochezera, pomwe munthu saloledwa kumukhudza kwa masiku khumi ndi atatu. Sindinawiringule.

Koma kunabwera alamu anga a Ambika, mlongo wamkulu wa malemuwo, kuchokera ku Dhankuta, ndipo nyumba yanga inasanduka yawo. Kanema anamuphimba ndi nsalu. Foni yanga anaitsekera m'kabati atandipeza ndikulembera anzanga a masewero a pa intaneti, atsikana awiri a ku Biratnagar ndi woyendetsa takisi wina wa ku Doha, kuti asandidikire pa nkhondo ya m'masewerowo ya Lachisanu. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti sindinkalira. Ankanong'onezana ndi amayi obwera kudzapepesa kuti ndine wouma mtima. Zoona n'zakuti misozi inangokana, ndipo zinkandiopsa ine mwini.

Loweruka loyamba ndinapirira. Loweruka lotsatira linali tsiku la khumi ndi limodzi la maliro, ndipo linali tsiku la gawo lomaliza la sewero. Nthawi itayandikira ndinadzuka pamphasa yanga.

"Alamu, rimoti ili kuti?"

A Ambika anandiyang'ana ngati ndapempha nyama. Amayi anayi amene anakhala nawo anasiya nkhani zawo.

"Mwati chiyani, alamu? Mutu wayera mbuu, mwamuna wangowotchedwa dzana, inu mukulirira zidole za m'mlengalenga? Anthu adzati chiyani?"

"Anthuwo anayamba kalekale kunena. Angowonjezera pomwepo."

Prabin analankhula ali pa mapesi pake, mawu ali otsika. "Amayi, n'masiku atatu okha. Lachiwiri ndidzakupezerani pa intaneti, mudzaonera ngakhale kasanu."

"Lachiwirilo bambo ako adzakhala ali kuti?"

Ndinatembenukira kwa alamu.

"Nyali ikuyaka usana ndi usikuyi mukuyatsira ndani? Mkaka mukuika panja m'mawa uliwonse uja amamwa ndani?"

"Musandifunse zachibwana. Mukudziwa kuti mzimu wa mlongo wanga uli pakhomo pano mpaka Lolemba, tikauperekeza."

"Ndiye kuti alipo. Wansembe watero, inunso mwatero, ine ndavomera. Inu mukuwapatsa mkaka umene ali moyo ankauthira m'maluwa. Ine ndiwapatsa chimene anapempha ndi pakamwa pawo."

A Ambika anaimirira. "Mukangoyatsa chinthu chimenecho ine ndinyamuka. Ndipo Lolemba palibe wa ku Dhankuta amene adzadye m'nyumba muno."

Apa mantha anandigwira, ndisaname. Kuperekeza munthu popanda abale ake n'chipongwe chimene mtundu suiwala, ndipo amene adzachisenze moyo wake wonse ndi Prabin. Ndinamuyang'ana mwana wanga, wowonda, mutu uli ngwee. Anali atazolika. Kenako anati, osadzutsa nkhope, "Rimoti ili m'thumba la mpunga, amayi. Azakhali anaikwirira pansi."

"Basi ya 6 koloko muipeza, alamu," ndinatero.

Ndinapisa dzanja mumpunga mpaka m'chigongono. Ndinasolola nsalu ija pa kanema. Mpando wa amuna anga anali atautembenuzira kukhoma. Ndinaukoka n'kuubwezera pamalo pake, kumanzere kwanga, ndipo ine ndinakhala pansi monga mwambo unenera. Amayi aja anatuluka mmodzimmodzi, wina akutsonya. A Ambika ndinkawamva m'chipinda akuponya zinthu m'chikwama. Ndinakweza mawu a kanema, chifukwa khutu lakumanja la amuna anga linali logontha.

Anthu a mu Mzinda Wapansi anavutika nacho chitsekocho ola lathunthu. Wina anafa, wina anapereka anzake, magetsi a mzinda wonse anazima. Mtima wanga unali m'mwamba, ndikungopempha kuti magetsi athuwa asazime. Pamapeto pake chitsulo chija chinalira, chitseko chinayenda pang'onopang'ono, mtsogoleri wawo analowa ndi tochi.

Munali chipinda chopanda kanthu. Fumbi lokhalokha, ndi makoma anayi.

Zaka zisanu ndi chimodzi. Phwete linanditulukira ndisanaligwire.

"Mwapambana, nkhalamba inu," ndinatero ndikutembenukira kumanzere. "Koma tsache lija mulibe, apo pokha mwanama."

Ndinadikira kuti andiyankhe, aombe ntchafu monga ankachitira akapambana mkangano. Pampandopo panali kadzenje kokha, kamene anakakumba ndi kukhala kwa zaka zonsezi. Kuseka kuja kunasinthira pakhosi pomwepo. Ndinalira mokuwa, nkhope nditaitsamiritsa pa mkono wa mpando, kulira kumene alamu anga anakufuna masiku khumi ndi limodzi. Iwo sanakumve. Anali atapita kale kukakwera basi. Prabin analira nane ali pakona pake, osatha kundigwira.

Lolemba a ku Dhankuta sanabweredi. Mpunga unatsala miphika iwiri, ndipo ndikumva kuti kumeneko dzina langa ndi mfiti ya kanema. Aloleni anene, pakamwa m'pawo. Amuna anga tinawaperekeza anthu ochepa, koma anapita akudziwa kuti mkangano uja anapambana ndi iwo.