Nkhongo ya Asebi

Fumie anali atadula kale nthambi za mbali yonse yakumaso ya kamtengo ka asebi pamene mwamuna wake Shigeo anatulukira pageti, akuchokera kuchipatala.

Kamtengoko kanali ka apongozi ake a Fumie, bambo a Shigeo, ndipo kankakhala mumphika wosaya pashelefu yakukhonde. Chigonekedwereni mkuluyo, kanangoti nyankhalala ngati mutu wosapesa. Fumie ankakathirira m'mawa uliwonse, uku akuchapa, uku akulongedzera ana chakudya cha kusukulu. Tsiku limenelo anatopa nako kukaona choncho, n'kutenga sizasi.

"Bambo akuwatulutsa Loweruka," anatero Shigeo.

"Achira?"

Shigeo anapukusa mutu. "Adokotala ati palibenso chochita. Mwina aona chisanu chikutha, mwina ayi. Eni ake akuti tiwayalire m'chipinda chakukhonde, kuti asebi wawo akamadzachita maluwa adzamuone ali chigonere."

Apo m'pamene Shigeo anayang'ana pansi. Anawerama n'kutola kanthambi kamodzi. Kunsonga kwake kunkalendewera timikanda tofiirira, tating'ono ngati mapira.

"Mayi a Natsumi, mwatani apa?"

"Ndikukonza. Simukuona?"

"Awatu ndi maluwa a chaka chamawa. Asebi amamangiratu timikanda take pano, n'kudikira nato chisanu chonse. Amadulidwa maluwa akangofota, osati mu Okutobala muno, chisanu chili pafupi."

"Nanga inu akatswiri munali kuti miyezi yonseyi? Mwana wawo ndinu. Ine ndimayesa ndi zinyalala za maluwa akale."

Shigeo anakhala pakhonde, kanthambi kali m'manja. "Kaya tikagule wina wofanana naye."

"Munthu woti anayamba kuukhotetsa ndi waya mtengowu inu musanabadwe? Angaudziwe ndi mumdima momwe."

Fumie anapukuta manja pa epuloni n'kusuzumira kuseri kwa mphikawo. Mbali yoyang'ana kukhoma, kumene sizasi inali isanafike, timikanda tinali mbwee. Koma kamtengo kotere kali ndi nkhope yake, ndipo apongozi anaisankha kalekale, kumene thunthu limawerama ngati likulonjera mlendo. Palibe ankaloledwa kukasuntha, ngakhale posesa.

"Dzukani. Gwirani uko."

Anautembenuza mphikawo pang'onopang'ono. Kamtengoko kanaoneka kachilendo, thunthu litapendekera kukhoma ngati munthu wonyanyala, mawaya akale onse ali poyera.

"Adzati mwawalozetsa nkhongo," anatero Shigeo.

"Adzanene. Adzandikalipire mpaka atatopa, bola azidzakalipa akuona maluwa." Fumie analoza pansi. "Zinthambizi sesani, galu angadye. N'poizoni, zimenezo ndiye ndimazidziwa."

Shigeo anapita kukatenga tsache. Mpunga wamadzulo unali usanatsukidwe, zovala zikadali pachingwe. Fumie anatolanso sizasi n'kugwada. Anayamba kuchotsa touma tokhatokha, ndipo kanthambi kalikonse ankayamba wakatukula ndi chala kuti aone kunsonga.