Nyumba ya a Sindiseka Yakokoloka

Ine chimene chimandipsetsa mtima pasukulu ino ndi mapu. Alipo amodzi okha, ong'ambika pakati, mitsinje yake inafufutika kalekale. Ndiye uziwauza ana za kukokoloka kwa nthaka ndi pakamwa pokha? Amangokuyang'ana, maso tuzu.

Tsono Lachinayi kumabwera a Sindiseka, aphunzitsi athu a ku koleji, kudzaonerera phunziro langa lomaliza loyeserera uphunzitsi. Dzinalo tinawapatsa ndife, ndipo limawakhala. Akakulepheretsa, ndiye kuti ubwereza chaka, za ntchito uyambe waiwala.

Ndinathamangira kwa alamu anga akalipentala.

"Alamu, chitseko chakale chija ndipatseni."

"Iwe mlamu, wayamba kumanga osandiuza?"

"Ndikumanga dziko lathunthu!"

Tinachigoneka pa madesiki awiri, mbali imodzi titaikweza ndi njerwa. Ana anatuta dothi, mchenga ndi timiyala. Tinaumba phiri, mtsinje tinakumba ndi supuni, kumunsi n'kusiya chigwa. Mbali imodzi ya phiri tinadzala kapinga, inayo tinaisiya dazi. Abale, chinakongola! Ngakhale ine mwini wake ndinavina.

Tsikulo a Sindiseka anakhala kumbuyo, jekete atamanga mabatani onse. 

"Aliyense amange nyumba pamene wakonda," ndinatero. "Kenako kugwa mvula."

Ndinayamba kugawa timabokosi ta machesi toimira nyumbazo mzere ndi mzere. Mukudziwa dzanja la mphunzitsi likazolowera kugawa, siliyang'ana nkhope. Ndinangozindikira kabokosi komaliza ndawapatsa a Sindiseka. Mayo ine! Kulanda sindikanatha.

Anadzuka mwakachetechete, n'kuzungulira chitseko chija. Kenako anakhazika nyumba yawo m'mphepete mwa mtsinje, kunsi kwenikweni kwa dazi.

"Madzi akhale pafupi," anatero.

Ana anayamba kukodolana.  Ndiwachenjeze pamaso pa ana? Ndithire madzi pang'ono kuti nyumbayo ipulumuke? Ayi, mvula ilibe bwana. Ndinakweza chitini choboolaboola, n'kuthira madzi pamwamba pa phiri.

Kumbali ya kapinga madzi anatsika mwaulemu. Koma ku dazi kuja, ee! Dothi linanyenyeka, matope anatsetsereka, mtsinje unasefukira. Nyumba ya a Sindiseka inazungulira kawiri, inayandama, n'kukagwa pansi kuti phwa! Matope onse anathera pa nsapato zawo zonyezimira.

"Yapita! Nyumba ya abambo yapita!"

Kalasi yonse inali m'mwamba, ena akuimba m'manja, ena atakwera pa mabenchi.  Ndinaona chaka changa chikupita limodzi ndi kabokosiko.

A Sindiseka anayang'ana nsapato, kenako anayang'ana ana.

"Yakokoloka chifukwa chiyani?"

Manja onse m'mwamba, ngakhale a aja amagona m'kalasi.

"Mwamanga pafupi kwambiri ndi mtsinje!"

"Kumtunda kwanuko kulibe udzu wogwira dothi!"

"Mukanafunsa ife, bambo!"

 A Sindiseka anamasula mabatani, anavula jekete, n'kupinda manja a malaya.

"Aphunzitsi," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula choncho. "Mwakhoza. Koma ine sindichoka muno wopanda nyumba. Ndipatseni kabokosi kena, mugwetsenso mvulayo."