Zala Ziwiri Pansi pa Mzere

1.
Bambo Chimwaza sanakwaniritsebe lonjezo lawo, ndipo uno ndi Okutobala wachitatu. Analankhula ndi pakamwa pawo, anthu akumva: mwanayu akadzafika pamzerewu ndidzamukweza ndekha pachiwilo, basiketi adzasankha yekha. Nachisale mawu a munthu sataya. Amagulitsa nyemba ndi mpunga mumsika wa Limbe, ndipo aliyense amene anamuuzapo kuti ndibwera mawa amamukumbukira nkhope ngakhale zitadutsa mvula zisanu. A Chimwaza ndi kapitawo wa Paki ya Nyenyezi, makiyi a chiwilo amakhala m'chiuno mwawo. Mwanayo ndi Ndaziona, mmodzi yekhayo wa Nachisale. Chiwilocho achizula kumapeto kwa mwezi uno.

2.
Chiwilo. Chitsulo chozungulira chachitali kuposa tchalitchi, mabasiketi khumi ndi awiri ali lendelende, chikamanyamuka chimalira ngati chigayo. Akuti ukafika pamwamba umaona Ndirande yense, Soche, ndi msewu wa ku Thyolo. Pageti pake pali mzati woyera, pamzatipo mzere wofiira. Mwana amaima chotsamira mzati. Mutu ukafika pamzere, lowa. Ukapanda kufika, kakwere tiakavalo tamatabwa pamodzi ndi makanda.

Chaka choyamba anapereweza zala ziwiri.
Chaka chachiwiri, zala ziwiri.
Chaka chino, zala ziwiri.

3.
Sukulu Nachisale analekeza Sitandade 2 koma muyeso amaudziwa, amaidziwa mbale yophwanyidwa kunsi kuti izilowa zochepa, amachidziwa chigoba chodulidwa mlomo, amaidziwa sikelo ya mavenda imene imagona ikaona thumba la mlimi n'kudzuka ikaona la mwini wake, ndiye munthu asabwere kudzamuuza kuti mwana amene yunifolomu yake aimasula mpendero kawiri, mwana amene nsapato za chaka chatha zikumuluma, mwana amene masiku ano amatenga yekha mchere pamwamba pa kabati osakwera mpando, angamapereweze zala ziwiri zomwezomwezo chaka ndi chaka ngati chitsa, ayi, vuto si mwana, mzerewo uli ndi miyendo, pali wina papakiyo amene amasunga kachitini ka penti wofiira ndipo Nachisale akumudziwa.

4.
Mwaukweza, anatero Nachisale chaka chachiwiri.
Mayi, mzerewu ndinaupeza. Anaulemba amene anabweretsa chiwilo.
Ndiye abweranso osakuuzani. Muyezeni ndi tsitsi lomwe.
Tsitsi si mutu, mayi.
Chabwino, tigawane. Chala chimodzi muchotse inu, china ndichotsa ine.
Si tomato uyu. Lamba wa m'basiketi sagwira mwana wamfupi, angapulumuke m'mwambamo.
Basela kuno mulibe?
Kulibe.
Munthu wamkulu ngati inu, ndevu zonsezi, kulimbana ndi zala ziwiri. Akazi anu amakupirirani bwanji?
Anandithawa, mayi.
Anachita bwino.

A Chimwaza anayang'ana mwana uja kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakhala ngati akufuna kunena kanthu, kenako anatembenuka n'kuitana wotsatira.

5.
Kamodzi pachaka, tsiku la anakubala, Nachisale amafunditsa benchi lake ndi masaka n'kumanga ndi linya. Anzake mumsika amamuseka, ati abwana lero ali pa holide. Masiku ena onse amatuluka kusanache, pobwera amapeza mwana atadya kale kwa aneba. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi amapita molunjika kubenchi.

Koma tsikuli amagwira Ndaziona padzanja kuyambira pasiteji mpaka pageti la paki. Mwanayo amavala diresi lake la kutchalitchi lofika m'mapazi, kutentha konseku, lina amakana. Amayezetsa. Nachisale amakangana ndi a Chimwaza. Akatha amakhala pansi pa mtengo wa jakaranda, tchipisi chili pa pepala limodzi, Nachisale akutukwanabe chapansipansi uku akumuchotsa mwana timaluwa togwera m'mutu.

Ukakwera kamodzi, tathana nawo malo ano. Wamva? Ine si wa zamasewera.
Ndamva, amayi.

6.
Chaka chino pakiyo yagulidwa ndi anthu ena. Pageti aikapo bokosi lobiriwira lokhala ndi kabowo, pambali pake bolodi, pabolodipo akhomapo mapepala a zimene anthu aponyamo kale. Werenga, anatero Nachisale. Ndaziona anawerenga:

Muike dziwe losambiramo, ana athu atopa ndi m'khwawa.
Zimbudzi. Zimbudzi. Zimbudzi.
Tiakavalo tiwiri tilibe mitu, mwana wanga akulota zoopsa.
Nyimbo ndi yomweyomweyo kuyambira ndili pachibwenzi, pano ndili ndi zidzukulu.
Patchipisi muziikapo kabichi wooneka.
Intaneti yaulere.
Tikufuna tigalimoto togundana ngati ta pa TV.
Chiwilo chakalamba, chichotseni chisanatiphere munthu.
Chiwilo musachikhudze, mkazi wanga ndinamufunsira pamwamba pake, analibe kothawira.
Mlonda azisekako.

Anthu okhuta, anatero Nachisale. Tenga pepala.

7.
Lemba. Ine Nachisale wa nyemba, benchi lachitatu kuchokera pampopi. Mzere wanu ndi wabodza. Muutsitse ndi zala ziwiri. Osati mawa.
Walemba?
Ndalemba, amayi.
Bwanji wachedwa choncho?
Bolopeni ikuvuta.
Werenga ndimve.

Ndaziona anabwereza mawu onse osaphonya ndi limodzi lomwe. Nachisale analanda pepala, analiyang'ana nthawi yaitali monga amachitira anthu m'maofesi. Tizilembo tili ndandanda ngati nyerere. Analipinda kanayi, analikankhira m'bokosi ndi chala chachikulu, n'kumenya bokosilo kuti pepala lifike pansi.

8.
Patapita masiku anayi, mayi wina wogula mpunga ndiye anabweretsa nkhani. Akuti awerenga mapepala onse, ambiri akufuna dziwe, ndipo malo a dziwe ndi pamene pali chiwilo. Lamulungu lomaliza la mwezi uno chiyenda komaliza, Lolemba akuchimasula, chikagulitsidwa kwa a zitsulo zakutha.

Nachisale anamuthirira mayiyo mpunga wosasefukira. Mayiyo anadandaula. Nachisale sanamve.

9.
Iwe Nachisale, chiwilocho ukuchifuniranji, sunakwerepo ngakhale makwerero a nyumba yosanja. Mwana wako kusukulu amakhala pansi chifukwa madesiki anatha. Kukwaya anamuika kumbuyo. Ku chipatala anamubweza kawiri, akuti mubwere Lachinayi. Zonsezo unazimva mochedwa, uli pabenchi, wina akukuuza uku akusankha nyemba. Palibe amene unamupeza woti umugwire malaya. Koma mzere uli pamzati, suthawa, ndipo munthu wake ali ndi dzina.

Zala ziwiri.

Ukakwera kamodzi, tathana nawo malo ano.

10.
Lamulungu lotsatira benchi linafunditsidwanso masaka, ulendo wa kupaki. Anzake sanaseke, anangoyang'anana.

Lemba. Ndine yemwe uja. Simunandiyankhe. Mwana wanga si chitsa.
Ndalemba, amayi.
Uonjezere kuti ndikudziwa kumene amabisa penti.

Lachitatu madzulo Nachisale anaweruka kumsika n'kufika kunyumba dzuwa lisanalowe, chinthu chimene sanachitepo.

Lemba. Mukachimasula mwana wanga asanakwere, ndidzakhala pageti panu mpaka dziwe lanulo lidzaphwe. Ulembe ndi zilembo zikuluzikulu, mwina ali ndi vuto la maso. Mawa ukaponye wekha m'bokosi muja.

Ndaziona ankalemba atagwada, lilime lili pakona pa mlomo, akumwetulira. Ukusekanji? Palibe, amayi.

11.
Lamulungu lomaliza. Anthu mbwee, ngakhale amene analemba kuti chichotsedwe abwera kudzajambulitsa nacho. Kuseri amuna atatu a maovolosi akhala pa bokosi la masipanala, akudikira mawa. Ndaziona anatsamira mzati. A Chimwaza anaika dzanja pamutu pake, osayang'ana munthu.

Zala ziwiri, mayi.

Apa Nachisale anawagwira malaya pakhosi, anawauza kuti ndinu wakuba, wakuba woposa wa m'thumba chifukwa wa m'thumba amaba n'kuthawa pamene inu mumaba mutaima pomwepo ndi makiyi m'chiuno, mwandibera Okutobala atatu, mwandibera Malamulungu awiri, mapepala anga atatu mwapita nawo kuchimbudzi, lero mundiyankha pamaso pa anthuwa, munditulutsire kachitini ka penti kaja, apo ayi mundikweze ine ndi mwana wanga ndi malaya anuwa m'manja, batani linaduka n'kugwera pasimenti, wina kumbuyo anati asiyeni mayi, nawonso ntchito yawathera lero, Nachisale anati iwathere, ankagwira ntchito yanji.

12.
A Chimwaza anachotsa manja a Nachisale pang'onopang'ono. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa mapepala atatu opindidwa kanayi.

Awa sindinawapereke ku ofesi, mayi. Ndinawasunga ine. Kenako anayang'ana Ndaziona. Mwana wanga, undikhululukire. Dzina la wakuba sindingapite nalo kwathu.

Ndaziona anati, chonde.

A Chimwaza anawerenga.

Loyamba. Ine Ndaziona wa Sitandade 6. Chonde mzere muukweze pang'ono, maondo akumandipweteka.
Lachiwiri. Chiwilo musachotse. Ngakhale chisamayende, chizingokhala.
Lachitatu, la zilembo zikuluzikulu. Amayi anga akabwera kudzakalipa muziwayankha, musamavomere msanga.

Mukunama, anatero Nachisale. Anapatsa mapepalawo mayi wina wovala magalasi amene anali pamzere. Mayiyo anawerenga chamumtima, anagwedeza mutu movomereza, anabweza mapepalawo.

13.
Nachisale anagwada pasimenti. Anakweza mpendero wa diresi la kutchalitchi.

Maondo. Opindika, akunjenjemera.

Anawagwira ndi manja onse awiri n'kuwakankhira kumzati monga amawongolera mwendo wa benchi ukapotoka. Ima. Ndati ima. Mutu wa Ndaziona unakwera, unafika pamzere, unaubisa, unapitirira. A Chimwaza sanaikepo n'komwe dzanja.

Kuyambira liti?
Chaka chatha, amayi.
Inu mumadziwa?
Ndinaona, mayi. Sizinali zanga zoti ndinene.

14.
A Chimwaza anatsegula geti. Sankha basiketi, mwana wanga. Ndaziona sanasankhe, analowa imene inali pafupi. Anamumanga lamba, unamugwira bwinobwino. Mayi, inunso malo alipo. Nachisale anati ine si mwana.

Chigayo chinalira. Basiketi inanyamuka.

Nachisale anatsala chiimire pafupi ndi mzati. Manja analibe chogwira. Anayang'ana a Chimwaza, panalibe choti awanene. Anayang'ana mzere, unali pomwe unali. M'kamwa munabwera mawu, koma onse anali a mumsika, chotsaniko, onjezerani, mwandibera, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe loti angamuuze mwana akatsika. Anawameza. Anakakhala pansi pa jakaranda yekha.

15.
Ndaziona, pamwamba:

Amayi, phiri silinandisangalatse, ndaliona kamodzi n'kusiya, ndikuyang'ana inu, mwachepa ngati kanyemba, mwakhala chete ndipo simukhala bwino mukakhala chete, chaka chonse mumakangana ndi anthu chifukwa cha nyemba, chifukwa cha mpunga, chifukwa cha malo a benchi, ine ndimangomva kwa aneba kuti amayi ako lero anamukhaulitsa wa minibasi, koma kuno mumakangana chifukwa cha ine, mumati mwana wanga mokweza anthu onse n'kutembenuka kuti aone mwana wake ndi uti, dzanja lanu limakhala paphewa langa mpaka mkangano utatha, ndinkapemphera kuti a Chimwaza asatope, chaka chino mwabwera katatu, Lachitatu lija munafika kunyumba kukadali kowala ndipo ndinaona kuti muli ndi imvi kumbali kuno, maondo ndikanapirira, ndinali nditayeserera kale kuseri kwa nyumba mmene ndidzaimire chaka chamawa, chiwilo chikutsika, amayi, chimatsika msanga kuposa mmene chimakwerera.

Basiketi inafika pansi. A Chimwaza anamasula lamba. Nachisale anali atadzuka kale, akukung'untha chitenje.

Waona chiyani?
Phiri, amayi.
Basi, wakwera. Tiye, nyemba sindinapete.
Chaka chamawa tidzabwera? Kudzangoona dziwe?

Nachisale anamangitsa chitenje m'chiuno, anayang'ana mwana amene tsopano ankamufika m'khutu, n'kuyamba kuyenda patsogolo.

Kudzatani.