Mgolo wa pa Dibi la ku Msanzala

Mgolo unatera pansi n'kulira ngati ng'oma, kulira kosayenera chinthu chodzaza. Koma azimayi anali atayamba kale nthungululu. Munali mu 1977, ndili woyang'anira dibi la ng'ombe ku Msanzala. Dibilo linali litauma miyezi isanu, nkhupakupa zikungochita ufumu m'makola.

A Gideon Sakala, khansala amene ankasirira mpando wa ku Nyumba ya Malamulo, anasanjika dzanja pamgolopo. Chisankho chinali cha chaka chotsatira, koma iwo anali atayamba kale kuzungulira midzi pa galimoto ya dokotala wa ziweto.

"Mankhwala aya nabweletsa ndine," anatero. "Muzakumbukile!"

Anthu atabalalika, a Cosmas, oyendetsa galimotoyo, anandikodola. "Gwilani uko, tikweze."

"Tikweze? Nanga ng'ombe?"

"Afunika asaine ku Boma. Mailo tibweletsa."

Tinaunyamula awiriwiri, mgolo woti ukadzaza amuna anayi amatuluka nawo thukuta. Ndinawayang'ana a Cosmas, iwo n'kumayang'ana matayala.

Galimoto isanazimiririke, anafika amayi Anastazia, amasiye oyandikana nane nyumba. Matenda a nkhupakupa anali atawalanda ng'ombe zitatu. Inatsala imodzi yolimira, ndipo munda wawo wonse unkadalira khosi lake.

"Bambo Febian, niibweletse liti ku dibi?"

"Mailo, amai," ndinayankha ndi mawu obwereka, kuwalonjeza za mawa. Mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Mailoyo anakwana masabata atatu. Ndinapalasa njinga kupita ku Petauke, kwa Edmond, mnzanga wa kusukulu amene ankasunga makiyi a nyumba ya katundu. Atatsegula, ndinaona migolo isanu ndi inayi itandandalikidwa kukhoma, yomata bwinobwino, fumbi lili mbuu. Uliwonse unali ndi dzina la dibi lolembedwa ndi choko. Ndinagogoda wa ku Msanzala. Sunalire.

"Inafika liti?"

"Mu Epulo." Edmond anasuzumira pakhomo asanapitirize. "A Sakala anati isatuluke. Akapeleka lelo, pofika chisankho anthu aiwala. Uja ayenda nao ni wongoonetsa. Lelo uli ku Nyimba."

"Nithilile m'chigubu chabe. Kuli ng'ombe ya amasiye."

"Nili na ana, mnzanga," anatero akutseka loko.

Sindinadziwe ngati anali mantha kapena naye anali atalonjezedwa kena kake. Masiku amenewo munthu sunkafunsa kawiri, poti sunkadziwa amene akanene kuchipani. Ndinamuona wavala nsapato zatsopano, koma mwina n'kukayikira kwanga chabe.

Ndinafika kumudzi tsiku lotsatira masana, n'kupeza amuna ataima pabwalo la amayi Anastazia, wina akunola mpeni. Ng'ombe ija inali gone pansi pa mtengo, thovu litauma kumphuno. Mayiwo sankalira. Anayang'ana kumbuyo kwa njinga yanga, pamene panali chingwe chokhachokha.

"Mwabwela nao, bambo Febian?"

Ndinagwada pafupi ndi mutu wa ng'ombeyo, poti kwina koyang'ana kunalibe. Khutu linali litazizira. Nkhupakupa zokhuta zinali kuyoyoka imodziimodzi, n'kumakwawa pamchenga mosafulumira, kulunjika kukhola loyandikana la a Peter kumene ng'ombe zinali zikadali zamoyo.