Ulimbo Anadikira pa Mzere

Amuna anga anthu amawatchula kuti Ulimbo, chifukwa m'masiku awo mpira ukangowakhudza m'manja sunkachokanso. Ndati m'masiku awo. Pano bondo lawo lamanzere limalira ngati chitseko akamadzuka pampando, ndipo pagolo la timu yawo pamayima mnyamata wina wamtali yemwe ochemerera amamuti Nsungwi. Iwo ntchito inawatsalira imodzi, kugwira mapenate. Masewero akamathera kumeneko, mphunzitsi ankawalowetsa mphindi yomaliza, iwo n'kugwira awiri kapena atatu, anthu n'kuwanyamula m'mwamba. Akapanda kufika kumapenate, ankabwera kunyumba yunifolomu ili mbee ngati achokera ku kwaya.

Timu itapeza malo mu mpikisano wa makalabu a mayiko oyandikana, akuluakulu anawauza mosapsatira mawu kuti akapanda kukaonetsa kanthu kumeneko, pobwerako asadzavutikenso kupita kokonzekera masewero. Anandiuza akuseka, akulongedza chikwama. Ine sindinaseke. Munthu woti anayamba mpira ali mwana, sadziwa ngakhale kukhoma msomali, ukamuchotsa pagolo umuyika pati?

Bambo awo timakhala nawo pakhomo. Maso awo anachita ng'ala, amangoona chimbuuzi. Tsiku lonyamuka anapempha magulovesi atsopano a mwana wawo, nawapapasa chala chimodzichimodzi, n'kunena kuti abwere ali ndi dothi la dziko la eni, iwo adzalinunkhize.

Masewero tinkaonera mu shopu ya atelala oyandikana nafe, omwe ali ndi kanema pamwamba pa shelefu ya ulusi. Apongozi ankakhala kutsogolo, khosi atalisolola, ine pambali pawo ndikuwauza zomwe zikuchitika. Masewero a m'magulu sathera kumapenate, ndiye amuna anga tinkangowaona kamera ikadutsa pabenchi, atapinda manja, akutafuna chingamu. Ndikati awo, bambo, iwo asanatembenuke n'komwe chithunzi chapita kale.

Mphunzitsi wa timuyi ndi munthu wolusa, ndipo ali ndi lamulo lomwe anyamata amaliopa kuposa malamulo a m'tchalitchi. Mpira ukakhala wanu, sutayidwa. Wotulutsa mpira kunja dala, mawa lake amazungulira bwalo mpaka asanze. Lamuloli ndi lomwe linawafikitsa mu semifainolo, ndiye palibe ankalinena zoipa, ngakhale ine wapakamwa.

Mu semifainolo anakumana ndi eni bwalo, masana dzuwa likuswa mtengo. Mpikisanowu ulibe nthawi yowonjezera, zikafanana ndi mapenate basi. Mpira unali wowuma, wopanda chigoli, ndipo ine ndekha mu shopu monse ndinkapemphera kuti zikhale chomwecho. Nthawi itatsala pang'ono kutha, ndinaona amuna anga akudzuka. Anamanga magulovesi, nakoka lamba wa magulovesiwo ndi mano monga amachitira, n'kukayima pa mzere pafupi ndi woyimbira wonyamula bolodi ya manambala.

"Adzuka, bambo," ndinatero. "Akulowa."

Apongozi anavula chipewa n'kuchiyika pabondo.

Koma mpira uli ndi malamulo ake. Munthu salowa m'bwalo mpira ukuyenda, uyenera utuluke kaye kapena woyimbira ayimitse. Ndipo mapenate amagwira yekhayo amene wenzulo yomaliza yamupeza ali m'kati.

Mpira unali kwa anyamata athu. Ataona kuti nthawi yatha, anachita zomwe anaphunzitsidwa: kupatsirana kumbuyo, uyu kwa uyu, uyo kwa Nsungwi, Nsungwi kubwezanso. Eni bwalo sanali zitsiru, mbiri ya Ulimbo anali ataimva. Anangoyima chapatali, manja m'chiuno, osalanda, osagwetsa munthu. Mphunzitsi anayamba kulumpha, akuponya manja, mitsempha ya pakhosi ili tototo, koma ng'oma ndi malipenga a eni bwalo zinameza mawu ake. Kaputeni anamuyang'ana, naganiza kuti ndi ukali wa masiku onse uja woti asataye mpira, n'kumukwezera chala chachikulu.

Mu shopu anthu ankakuwa kuti tulutsani, ngati kuti kanema ali ndi makutu. Atelala anamenya mashini mpaka sizasi inagwa pansi. Kenako wina anapatsira molakwika, mpira n'kumagubuduka wokha kulowera ku mzere, pamalo penipeni pomwe amuna anga anayima. Mtima wanga unati myaa. Koma wotchinga kumbuyo wina, mwana womvera kwambiri yemwe amadya kwathu Lamlungu, anathamanga ndi mphamvu zake zonse, nadziponya pansi, n'kuwubweza usanadutse. Anadzuka akumwetulira, udzu uli pachibwano. Amuna anga akanangotambasula mwendo akanaukhudza.

Wenzulo inalira. Wa bolodi uja anazimitsa manambala ake n'kupita kukamwa madzi.

"Walowa?" anafunsa apongozi.

"Ayi, bambo."

"Nanga wayimiranji pamenepo?"

Amuna anga analidi chiyimire pa mzere, manja ali lende, anzawo akuwadutsa osawayang'ana kumaso. Ndinakwiya, koma ndikanakwiyira ndani? Aliyense anachita zomwe anauzidwa.

Za mapenate sindinena zambiri. Nsungwi ankagwera kumanja mpira ukupita kumanzere, ndipo sanaukhudze ngakhale ndi chikhadabo. Nthawi iliyonse anthu akabuula, apongozi ankandikodola n'kufunsa ngati wagwayo ndi mwana wawo, ine n'kumati si iwo. Tikutuluka, atelala anati pepani, ngati pamaliro.

Amuna anga anafika patapita masiku, pa basi ya timu. Akuluakulu anali atawagwira kale chanza pa depoti, n'kuwathokoza chifukwa cha zaka zonse zija. Ine ndinayesa kulalata, ndinati mphunzitsi akanawalowetsa msanga, ndinati mwana uja asadzapondenso pakhomo pano. Iwo anangoti mwanayo ndimusiye, anasewera bwino. Anakhala pampando, bondo lija n'kulira.

Apongozi anatuluka kuchipinda akupapasa khoma, natambasula dzanja. Amuna anga anatsegula chikwama mochedwa, n'kuwapatsa magulovesi. Mkuluyo anawatembenuza, anapapasa m'zikhatho, analowetsa chikhadabo m'mizere ya zala, kenako anawafikitsa pamphuno. Ananunkhiza nthawi yayitali.

"Akadali atsopano," anatero, akuwabweza. "Uwasunge m'pepala lake. Wina adzawafuna."