Thalauza la a Khansala

Chibini cha zinyalala chinali pakona penipeni, moyang'anizana ndi khonde la kashopu kamene Mayi Telala ankasokerako zovala. Chinali chachitsulo, chachikulu ngati kanyumba, ndipo tsiku limene a khonsolo anachibweretsa anthu anachita kuwomba m'manja. Poyamba lole inkabwera kudzachinyamula n'kusiya china chopanda kanthu. Kenako inayamba kujomba, mapeto ake inangosiyiratu. Chibini chinadzaza mpaka kusefukira, zinyalala n'kumagwera mu ngalande. Mvula itayamba, madzi anasowa kopita, ndiye anayamba kulowa m'nyumba za anthu osaodira n'komwe.

Fungo lokha Mayi Telala anali atalizolowera. Chimene chinkawatopetsa n'chakuti khansala wa deralo anali mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo wa bere limodzi. Aliyense wokhala ndi dandaulo ankadzalitula pakhonde pawo. Munthu ankabwera ndi malaya oti amuikire batani limodzi, koma n'kukhazikika pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, akulongosola za ntchentche.

Wometa tsitsi, amene kashopu kake kanali khoma limodzi ndi kawo, sankavutika n'kubwera komwe. Ankangosuzumira pazenera, makina ometera ali m'manja.

"Mayi Telala, alamu anu aja alipo, kapena anasowera limodzi ndi lole?"

"Ine ndimasoka zovala, bambo. Sindine khonsolo."

"Koma paukwati wawo munavina kwambiri ndinu."

A Khansala sanali munthu woipa ayi. Anali kalipentala, wofatsa, wa mawu ochepa. Anthu anawasankha chifukwa kamlatho ka matabwa kopita kumsika katawola, iwo anakakonza okha popanda wowatuma, ndipo atamaliza anangonyamula sowo yawo n'kumapita. Koma chiyambireni chibini kununkha, munthu uja anasiya kuoneka. Msewu waukulu anauleka, ankadzera m'tinjira ta kuseri kwa nyumba, chipewa chitafika m'maso. Ngakhale kwa mlamu wawo anasiya kupondako.

M'mawa wina Mayi Telala anamva kugogoda pachitseko chakumbuyo, chimene ankatulukira akamakataya madzi. Atatsegula anapeza a Khansala ali mu suti, dzanja limodzi litagwira thalauza m'chiuno.

"Alamu, ndithandizeni. Mawa kuli msonkhano wa makhansala onse, ndiye thalauzali likungovuka lokha. Lamba ndaboola mpaka malo atha."

Mayi Telala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Munthu anali atawonda ndithu, khosi likungosambira m'kolala. Chisoni chinawagwira, koma nthawi yomweyo linawabwerera ganizo lina, ndipo anachita kuluma mlomo kuti asaseke.

"Lowani, alamu. Kavuleni kuseri uko, mundiponyere."

"Nanga ndivala chiyani?"

Anawapatsa nsalu ya makatani a kasitomala wina, ya maluwa akuluakulu achikasu. A Khansala anatuluka atadzikulunga nsaluyo m'chiuno. Kumtunda jekete ndi tayi, kumunsi masokosi ndi nsapato zopolisha. Anakhala pampando wapakona, mawondo ataphatikiza. Mayi Telala anatenga lezala n'kuphwasula msoko wonse wakumbuyo, moti thalauza linatsala pang'ono kukhala zidutswa ziwiri. Atatero anatsegula chitseko chakutsogolo n'kuima pakhonde, manja m'chiuno.

"Wometa! Itanani anzanu. Ofesi ya khansala yatsegulidwa!"

A Khansala anadzambatuka. Anayang'ana chitseko chakumbuyo, anayang'ana nsalu ya maluwa ija, n'kukhalanso pansi.

"Alamu, mwandipha."

"Simufa. Madandaulo anu ndamva ine mpaka makutu kuwawa. Lero mumve nokha."

Woyamba kufika anali Wometa, akukoka kasitomala wake amene anali atametedwa mbali imodzi yokha. Kenako anabwera Aphunzitsi a sukulu ya mkaka ya kuseri kwa chibini, choko chili m'manja. Pambuyo pake, pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, analowa a Dalaiva, mkulu wopuma pantchito yoyendetsa mabasi, amene nyumba yawo inali kumunsi kwenikweni kumene madzi onse ankathera. Ena anadzaza pazenera ndi pakhomo.

Aliyense maso anali pa maluwa achikasu aja. Wometa ndi amene analephera kupirira.

"Bwana, yunifolomu yatsopano ya khonsolo ndi imeneyi?"

Anthu anafa nacho chikhakhali. A Khansala nawonso anamwetulira mwamanyazi, akukokera nsalu kumawondo.

Kuseka kutatha, nkhani inayamba. Aphunzitsi anati mazenera a kalasi sakutsegulanso, ana akuphunzira ali thukuta kamukamu, ndipo makolo ena ayamba kuwachotsa. Wometa anati ntchentche zikumatera pamutu wa kasitomala iye asanamalize n'kumeta komwe. Mayi wina wa pazenera anayankhula mpaka mpweya kumuthera. A Khansala ankangogwedeza mutu, maso ali pansi. Mayi Telala ankapalasa makina awo pang'onopang'ono, osafuna kuti msoko uthe msanga.

A Dalaiva anayankhula pomaliza, ndipo sanakweze mawu.

"Ine sindinakwiye, mwana wanga. Koma mipando yanga ili pa njerwa. Mayi akunyumba kukangochita mitambo amayamba kusonkhanitsa zidebe. Dzana ndimati ndivale nsapato yanga yoyendera, ndapeza muli chule, wakhala phee ngati nyumba ndi yake. Tangotiuza, lole ija inafa?"

"Lole ilipo, bambo," anayankha a Khansala. "Yatsala imodzi, koma ikuyenda. Imapita kumadera kumene makhansala ake amalongolola."

"Nanga inu simulongolola bwanji?" anafunsa Wometa.

A Khansala anapotokola nsonga ya tayi.

"Chilowereni m'chipinda cha misonkhano chija, sindinayankhulepo," anatero. "Kunyumba ndimakonzeka bwinobwino, mawu onse ali m'mutu. Ndikangoimirira, lilime limauma gwa. Anzanga aja amayankhula ngati wailesi, wina asanamalize wina wayamba kale. Ine ndimangoti, 'Zikomo, a Meya,' n'kukhala pansi. Ndiye ndibwere kuno ndidzakuuzeni chiyani?"

Mayi Telala anachotsa phazi pa makina. Iwo ankayembekezera kuti mlamu wawo ayamba kuzemba, kunamizira uyu ndi uyo. Zoti munthu wawonda chonchi chifukwa cha manyazi sanaziganizirepo. Mtima unawapweteka pang'ono, ndipo anayamba kuona ngati awonjeza.

Koma Aphunzitsi anangowomba m'manja kamodzi, ngati mmene amachitira ana akamasokosa.

"Basi? Vuto lake ndi limeneli? Ine ndili ndi ana amene tsiku loyamba satha kutchula ndi dzina lawo lomwe, koma pofika kumapeto a teremu timachita kuwaletsa kulakatula. Taimirirani, bambo."

"Ndi nsaluyi?"

"Mukayankhula mutavala katani, mu suti simudzaopanso munthu. Imirirani!"

Shopu ya telala inasanduka khonsolo. Wometa anakhala pa bokosi la zigamba, anakoleka tepi yoyezera m'khosi, n'kunena kuti iye ndiye Meya. Kasitomala wometedwa mbali imodzi uja anapatsidwa ntchito yodula anzake mawu, ndipo anaigwira ndi mtima wonse. A Khansala anaimirira, dzanja limodzi litagwira mfundo ya nsalu.

"Zikomo, a Meya. Malinga ndi ndondomeko ya chitukuko cha... cha..."

"Nthawi yatha!" anakuwa wa mbali imodzi uja.

Anayesanso, n'kukodwanso pa mawu omwewo. A Dalaiva anagogoda pansi ndi ndodo.

"Mwana wanga, zandondomekozo asiyire eni ake. Iwe kanene za chule wanga. Ukamayankhula usakayang'ane a Meya, ukayang'ane ine. Tikakhala kumbuyo."

"Mubwera?"

"Tonse," anatero Mayi Telala, asanafunse n'komwe anzawo. Anaweramira pa makina n'kumaliza msoko uja mwachangu, ndipo anausoka kawiri kuti ulimbe.

Tsiku lotsatira shopu ya telala ndi ya Wometa zinali zotseka. Ku khonsolo mlonda anawalozera mabenchi akumbuyo, kumene anthu wamba amaloledwa kukhala bola asayankhule. Chipindacho chinali chachikulu, cha matebulo onyezimira, ndipo makhansala ankayankhuladi ngati wailesi. Wina anatha nthawi yaitali akudandaula za maluwa a pabwalo la ofesi. Mayi Telala ankangoyang'ana msana wa mlamu wawo, thalauza litakhala bwino m'chiuno, koma khosi likunyezimira ndi thukuta.

Nkhani ya zinyalala itafika, a Khansala anakweza dzanja. A Meya, mayi wa magalasi, anachita ngati adabwa, koma anawapatsa mpata.

"Zikomo, a Meya."

Anathera pomwepo. Wina anatsokomola, wina anaseka chapansipansi. Mayi Telala anaona mawondo a mlamu wawo akuyamba kupindika, akufunafuna mpando.

"Alamu, musakhale pansi!"

Mawuwo anatuluka okha, ndipo anamveka mpaka pakhomo. Mlonda anabwera akuthamanga, chala chili pakamwa. A Meya anasuzumira pamwamba pa magalasi. A Khansala anatembenuka, anaona mlamu wawo atagwira pakamwa, anaona a Dalaiva atakweza ndodo pang'ono, ndipo anawongoka.

"A Meya, kwathu chule walowa mu nsapato ya munthu."

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, a Meya omwe. Koma kusekako kunawamasula a Khansala. Anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anafotokoza zonse bwinobwino, ngati mmene amafotokozera kasitomala za thabwa lofumbwa. Ananena za chibini, za ngalande, za mipando ya pa njerwa, za ana ophunzira mazenera ali otseka. Khansala wina wamimba yaikulu anaimirira kuti awadule mawu.

"Dikirani kaye, achimwene," anatero a Khansala mofatsa. "Ine ndakhala ndikukumverani chilowereni muno."

Wamimba uja anakhala pansi anzake akumuseka. A Meya anaitanitsa mkulu woyang'anira zaukhondo, anamufunsa mafunso angapo amene anamutulutsa thukuta, ndipo analamula kuti lole iziyendera madera onse mosinthana, kuyambira kwa a Khansala a chule. Dzinalo linawakanirira kuyambira tsiku limenelo.

Lole sinabwere msanga. Masiku anadutsa, Wometa n'kuyambiranso kusuzumira pazenera ndi mafunso ake. Koma m'mawa wina kunamveka kulira kwa injini pakona, ana akuthamangira pambuyo. Pobwerera m'mbuyo kuti ikole chibini, lole inagunda chikwangwani cha Wometa n'kuchithyola pakati. Wometa anatuluka akukalipa, koma palibe anamumva, chifukwa msewu wonse unali kukuwa ndi chimwemwe pamene chibini chinkakwera m'mwamba, madzi akuda akuchucha.

Zotsala anamaliza okha. A Khansala anabwera ndi fosholo, atavala ovolosi yawo ya ukalipentala, n'kulowa mu ngalande. Anthu ataona choncho anatulutsa makasu ndi mawilibala. A Dalaiva anakhala pampando m'mbali mwa msewu n'kumalondolera mawilibala ngati mabasi pa depoti. Pofika masana madzi akale anayamba kuyenda, ndipo chikwangwani cha Wometa a Khansala anachikhoma ndi thabwa latsopano.

Patapita milungu ingapo, mng'ono wawo wa Mayi Telala anatulukira pakhonde, nkhope ili yotopa, n'kudzigwetsa pabenchi.

"Achemwali, mwamuna wanga munamuchita chiyani?"

"Bwanji, wadwala?"

"Kudwala kukanakhala bwino. Munthu uja sakutsekanso pakamwa! Kale ndinkachita kumukoka mawu, lero ndikangoti madzi osamba afunda, akuti, 'Zikomo, mayi, koma ndili ndi mfundo zingapo.' Ana akaswa kapu akuwaitanitsa msonkhano. Panopa wayamba za magetsi a mumsewu, ndiye akumayeserera pa ine, ati ndizikhala Meya."

Mayi Telala anaseka mpaka misozi, mutu atautsamiritsa pa makina.

"Ndiye ukumuyankha bwanji?"

"Ndikumuuza kuti nthawi yatha. Sakumva."

"Mupirire, mayi Meya," anatero Mayi Telala akupukuta m'maso. "Magetsiwo tikuwafuna. Tandigwirira nsaluyi uko, ndidule."